Phiri liti loti mukwere? Kuyerekeza Zomba, Mulanje, Nyika, Livingstonia ndi Dedza

Ulendo wanga woyamba wa ku Emperor's View, pa phiri la Zomba, ndinauyenda mu Okutobala. Ndinanyamuka m'tauni kusanatenthe, ndinakhetsa thukuta maola anayi, koma nditafika pamphepete paja ndinapeza Mulanje kulibe, nyanja ya Chilwa kulibe, ngakhale malata a m'tauni ankangooneka mwa apo ndi apo. Dziko lonse linali litafunda utsi. Anthu anali kalikiliki kutentha tchire, ena akusosa, ena akusaka mbewa. Mnyamata wogulitsa miyala pamalopo anandiyang'ana mondimvera chisoni n'kunena kuti, "Bwana, mwabwera mwezi wolakwika. Mudzabwerenso mu Meyi."

Ananena zoona. N'chifukwa chake muyezo wanga woyamba si kutalika kwa phiri ayi.

Zoti muyeze musanamange zingwe za nsapato

Yambani ndi mwezi. Kuyambira Epulo mpaka kumayambiriro kwa Juni mvula imakhala itatsuka mlengalenga, udzu ukadali wobiriwira, mitsinje ili ndi madzi, ndipo maso amafika kutali. Pakati pa Meyi ndi Julayi, makamaka kum'mwera, chiperoni chimatha kuphimba phiri masiku awiri kapena atatu, osaona ngakhale mnzanu amene ali patsogolo. Ogasiti mpaka Okutobala njira zimakhala zouma bwino koma utsi wa lupsa umaba zonse zimene mwakwerera. Nthawi ya dzinja mvula ikangokata kumawala mochititsa kaso, koma miyala imaterera, mitsinje imadzaza mwadzidzidzi, ndipo mphenzi pamwamba pa phiri si nthano.

Kenako werengani masiku amene muli nawodi, kuphatikizapo a pamsewu. Pa malo aliwonse ndiyeza zinthu zinayi: ndalama, kafikidwe, kasamalidwe ka njira ndi pogona, ndi zoopsa. Manambala a makwacha ndawasiya dala. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wolembedwa lero umasanduka nthabwala pakangotha miyezi ingapo. Ndingokuuzani zimene mukalipire ndi chimene chimadya thumba kwambiri.

Zomba

Phiri ili ndi lokhalo pa asanuwa limene agogo ndi mdzukulu angasangalale nalo tsiku limodzi. Nsonga yake, Malumbe, imapitirira pang'ono mamita 2,080, koma malo otchuka ali m'mphepete. Queen's View inatchedwa choncho mayi wa Mfumukazi Elizabeth atafikapo mu 1957, ndipo Emperor's View ndi chikumbutso cha Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anabwera mu 1965. Mpaka lero a Rasta amapalemekeza pamalopo. Kukakhala kowala mumaona tauni yonse pansi panu, dambo la Phalombe, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, kenako Mulanje atakhala phee kumapeto kwa dziko. Koma ine mtima wanga uli kumadzulo, ku Chingwe's Hole. Dzenjelo palokha silikopa maso, n'lodzaza zitsamba, ndipo mbiri yake yoti kale ankaponyamo anthu ndi imene imalikweza. Chokoma ndi phompho lili pafupi nalo, pomwe nthaka imangothera pansi pa mapazi anu, chigwa cha Shire n'kuyalika mpaka cha ku Liwonde.

*Ndalama.* Zochepa. Minibasi, kangachepe kolowera, wolondolera wa tsiku limodzi, basi. Chimene chimakwera mtengo ndi kugona ku hotela ya Ku Chawe kapena kubwereka galimoto yokuzungulitsani pamwamba. Sungani ina ya sitiroberi ndi magalagadeya a m'mbali mwa msewu, ndipo nenererani, mtengo woyamba si weniweni.

*Kafikidwe.* Makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre, ndipo msewu wokwera mpaka ku Ku Chawe ndi wa tara. Wa miyendo yolimba adzere Potato Path, njira yachidule koma yoimirira, yomwe alimi ankatsitsira mbatata ya kachewere kumsika. Kuchokera ku Ku Chawe, kupita ku Emperor's View n'kubwerera kudzera ku Williams Falls ndi damu la Mulunguzi kumadya tsiku lonse mosathamanga. Ku Chingwe ndi tsiku lina lapadera. Musayese kuphatikiza mbali ziwirizi wapansi.

*Kasamalidwe.* Apa ndiye pali chilonda. Paini wambiri anadulidwa, moto umalusa chaka ndi chaka, ndipo malo ena amene kale munkayenda mumthunzi lero ndi zitsa zokhazokha. Misewu yafumbi ya pamwamba inakumbika ndi malole a matabwa, galimoto yotsika siyendamo. Zikwangwani n'zochepa, tinjira ta otola nkhuni n'tambirimbiri, tonse tofanana.

*Zoopsa.* Kusochera ndiye koyamba. Nkhani za kulandidwa mafoni m'tinjira takutali zimamveka nthawi ndi nthawi, choncho tengani wolondolera wa m'bungwe lawo amene amapezeka pafupi ndi Ku Chawe, osati aliyense wokuimitsani panjira. Anyani musawaonetse chakudya.

Mulanje

Ili si phiri limodzi. Ndi dziko lina lokwezedwa m'mwamba, la masikweya kilomita pafupifupi 650, lokhala ndi zigwa zake, mitsinje yake ndi nsonga zambiri zopitirira mamita 2,500. Linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 2025 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira.

Aliyense amafunsa za Sapitwa, mamita 3,002, denga la Malawi. Ndinene mosapsatira: ngati mukufuna zoona ndi maso, Sapitwa ndi juga. Kuchokera pa nyumba yogonamo okwera phiri ya Chisepo mumakwera maola atatu kapena anayi, kwina mukukwawa pansi pa matanthwe, kwina mukukoka thupi ndi manja, ndipo kawirikawiri mitambo imakhala itakutsogolerani pofika 10 koloko m'mawa. Mukapeza kowala, mwapata: mumaona Mozambique mbali ina, Zomba ndi Chiradzulu mbali ina, nsonga zina zonse zili pansi panu ngati zulu. Mukapeza nkhungu, mumajambulitsa pa chipilala n'kutsika mano akugundana.

Zimene zimakhalitsa mumtima zili m'munsi mwake. Khalani pakhonde la Chisepo kapena la Thuchila dzuwa likamalowa, dambo la Phalombe likusintha mtundu, tinyali ta m'midzi tikuyamba kuthwanima. Kapena dzukani m'chigwa cha Chambe m'mawa, thanthwe lija litafiira ndi dzuwa loyamba. Kapena imani pamphepete pa Lichenya, minda ya tiyi ili pansi ngati mphasa zobiriwira. Zonsezi mumazipeza osaika moyo pachiswe, ndipo ku Chambe mumafikako pa maola atatu kapena anayi kudzera njira ya Skyline.

*Ndalama.* Zapakatikati, koma zimachulukana ndi masiku. Mumalipira polowa, mumalipira nyumba usiku uliwonse, wolondolera tsiku lililonse, ndi wonyamula katundu ngati mwam'funa. Onjezani chakudya chanu ndi kenakake kothokozera mlonda wa panyumba. Mukakhala anayi kapena asanu mtengo wa wolondolera umagawika, ulendo n'kupepuka. Pa onyamula katundu musaumire. Anyamata amenewa ndi omwe amathamanga mpikisano wa Porters Race, kukwera ndi kutsika phirili pa maola ochepa, pomwe inu chikwama cha makilogalamu 15 chikhoza kukulandani chisangalalo chonse musanafike theka la njira.

*Kafikidwe.* Kuchokera ku Limbe ndi ola limodzi ndi theka pa minibasi. Tsikirani pa Chitakale, mukwere kabaza kapena galimoto ya ku Phalombe mpaka pa Likhubula, pomwe pali ofesi ya zankhalango ndi olondolera. Njira zina zimayambira ku Lujeri, ku Thuchila ndi ku Fort Lister. Ya ku Boma, yokwera molunjika kuchokera m'tauni, isiyireni akatswiri. Sapitwa amafuna masiku atatu osachepera, Chambe awiri. Wa tsiku limodzi lokha akafike pa Dziwe la Nkhalamba n'kubwerera.

*Kasamalidwe.* Pa mapiri onse a m'dziko muno, Mulanje ndi amene ali ndi dongosolo lenileni la pogona: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Minunu, Sombani, Madzeka, kuphatikizapo ya mpingo wa CCAP ku Lichenya. Nyumba iliyonse ili ndi mlonda amene amatunga madzi ndi kuwaza nkhuni. Musayembekezere magetsi kapena bafa la madzi otentha a m'mpope. Nyamulani chofunda chenicheni, ufa kapena mpunga, ndiwo zosavunda ngati usipa ndi soya, shuga, machesi, tochi. Pamwamba palibe okala. Chomvetsa chisoni ndi mkungudza, mtengo wa fuko lathu, womwe mwachilengedwe umamera pa phiri lino lokha. Kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yotsala. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akhala akudzala mbande, koma mtengowu umakula pang'onopang'ono. Mukaona tizibokosi tonunkhira bwino tikugulitsidwa pamsewu, dziwani kumene tinachokera.

*Zoopsa.* Zenizeni. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anakwera yekha kulowera ku Sapitwa ndipo sanapezekenso. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya wom'londolera m'munsi, nyengo inasintha, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata. Akuluakulu a kuno amati mizimu ya m'phiri ili ndi malamulo ake, mwachitsanzo ukapeza chakudya chokonzedwa kale, idya wekha osaitana mnzako. Kaya mumakhulupirira kaya ayi, lamulo la nkhungu ndi limodzi: ikabwera, miyala yonse imafanana ndipo kuzizira kumapha. Safunsa anadya phula. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anagumulanso malo ambiri m'mbali mwa phirili, moti njira zina zinasintha. Wolondolera wa chaka chino amadziwa zimene mapu akale sadziwa. Ndipo mvula ikagwa kumtunda musawoloke mtsinje mwaliuma, dikirani uphwe.

Nyika

Kuno simukwera, mumayenda. Ndi zitunda za udzu zotsatizana mpaka pomwe maso alekezera, pamtunda wa mamita oposa 2,000, mphepo ikuwomba osapumira. Paki imeneyi ndi yoyamba m'Malawi, inakhazikitsidwa mu 1965, n'kukulitsidwa mu 1978 mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000, ndipo pokulitsapo mabanja ambiri anasamutsidwa m'midzi yawo, nkhani yomwe ku Rumphi sinaiwalike. Nsonga yake ndi Nganda, mamita pafupifupi 2,600, koma kuchokera pomwe galimoto imaima ndi kamtunda chabe. Chosiyanitsa Nyika ndi ena onse ndi nyama: mumatha kuyenda wapansi mbidzi, nsefu ndi chilembwe zikukuyang'anani chapatali. Pa thanthwe la Jalawe dziko limatseguka kumpoto mpaka ku nyanja cha ku Karonga.

*Ndalama.* Apa ndiye pamafunika thumba. Polowa Amalawi amalipira zochepa poyerekeza ndi alendo akunja, koma si pamene pali vuto. Vuto ndi galimoto yamphamvu ndi mafuta ake, kenako pogona ku Chelinda, komwe kulibe mpikisano wa mitengo. Kugona mu tenti yanu ndiye njira yopulumukira.

*Kafikidwe.* Kovuta. Kuchokera ku Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100 kudzera pa geti ya Thazima, mbali yaikulu msewu wafumbi, ndipo ungakudyereni maola anayi. Mafuta thirani ku Rumphi okwanira kupita, kuzungulira ndi kubwerera. Malole opita ku Nthalire amadutsa m'pakimo, koma amakusiyani pamphambano patali ndi Chelinda. Wochokera ku Lilongwe awerengere masiku anayi, awiri mwa iwo a pamsewu.

*Kasamalidwe.* Mu 2023 boma linagwirizana ndi Peace Parks Foundation kuti aziyendetsa limodzi Nyika ndi Vwaza kwa zaka 20. Njira zoyenda wapansi zilibe zizindikiro, ndipo ulendo wautali umayendedwa ndi mlonda wa nyama wokhala ndi mfuti. Wotchuka ndi wa masiku atatu, kuchokera ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia, kugona m'matenti, zonse mutanyamula.

*Zoopsa.* Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumafika poumitsa mame pa udzu. Akambuku ndi afisi alipo, ngakhale kuwaona n'kwamwayi, ndipo njovu zimapezeka m'madera a m'munsi. Choopsa chenicheni ndi kutalika kwa thandizo: galimoto ikafa kapena wina akathyoka mwendo, chipatala chili kutali. Maluwa a m'tchire otchedwa orchid, omwe kuno alipo mitundu yoposa 200, amaphuka bwino mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi yomwe msewu uli pa ukali wake. Walira mvula walira matope.

Livingstonia

Ngati Nyika yakukanikani, musabwerere kumpoto chimanjamanja. Mishoni imene Robert Laws anaikhazika pa Khondowe mu 1894 ili pakhonde loyang'ana nyanja, ndipo pafupi pake mathithi a Manchewe amagwa mamita pafupifupi 125. Kuseri kwa madziwo kuli phanga lomwe anthu a m'derali ankabisalamo nthawi ya nkhondo zakale. Ku Chombe, ulendo wa theka la tsiku kupita ndi kubwerera, mumaona nyanja yonse pansi panu ndi mapiri a ku Tanzania kutsidya.

*Ndalama.* Zochepa mukangofika. Kangachepe pa mathithi, wolondolera wa ku Chombe, ndi pogona pomwe pali kusankha, kuyambira tenti mpaka chipinda chabwino.

*Kafikidwe.* Tsikirani pa Chitimba mumsewu wa M1. Kuchokera apo msewu wa Gorodi umakwera makilomita pafupifupi 15 ndi makona 20 okhota ngati chigongono. Wapansi ndi maola anayi, kapena kwerani matola mukhale mukupemphera.

*Kasamalidwe.* Simungasochere pa Gorodi, koma ndi msewu wamiyala womwe mvula imaukumba chaka chilichonse.

*Zoopsa.* Kutentha kwa m'mbali mwa nyanja. Nyamukani m'mamawa ndi madzi okwanira. Pamilomo ya mathithi pamaterera, ndipo chithunzi cha pa Facebook sichiyenera khosi lanu.

Dedza, ndi mng'ono wake Nkhoma

Anthu a ku Lilongwe amakonda kudandaula kuti kwawo n'kosalala, chikhalirecho mapiri awiri ali pakhomo. La Dedza ndi mamita 2,198, koma popeza tauniyo ili kale pa mamita pafupifupi 1,600, mumangokwera otsalawo pa maola awiri kapena atatu. Pamwamba mumaona Chongoni, zitunda za Angonia ku Mozambique, ndipo tsiku lowala nyanja imang'anima kum'mawa. Nkhoma n'lalifupi koma lolusa, kumapeto kwake mumagwiritsa manja, ndipo pansonga dambo la Lilongwe limakuzungulirani mbali zonse, mishoni ya 1896 ili m'munsi.

*Ndalama.* Zotsika kuposa ena onse. Thiransipoti ndi botolo la madzi, mwinanso kenakake ka wolondolera.

*Kafikidwe.* Dedza ili makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe pa M1. Wopita ku Nkhoma apatukire pa Kamphata. Konseku mumapita m'mawa n'kudzadyera nsima yamadzulo kwanu.

*Kasamalidwe.* Ku Dedza kuli msewu wafumbi wopita ku nsanja za mafoni ndi wailesi, wosavuta kutsata, ngakhale zitsulozo zimawononga maonekedwe. Pitirirani kutsogolo pa mtandadza wa phirilo, kumene kuli bata. Mitengo nakonso ikutha. Mukakhala ndi tsiku lachiwiri, zojambula zamakedzana za m'mapanga a Chongoni, malo 127 omwe UNESCO inawazindikira mu 2006, zili pafupi.

*Zoopsa.* Zochepa. Mphepo ya Dedza mu Juni imalowa mpaka m'mafupa, ndipo matanthwe a Nkhoma akanyowa musawayese.

Ndiye mupite kuti?

Muli ndi Loweruka lokha ndipo mumakhala ku Lilongwe: Dedza ngati mukufuna kuyenda mocheza, Nkhoma ngati mukufuna kuti ntchafu zikakumbuke Lolemba.

Mukupita ndi ana, makolo okalamba, kapena gulu la kutchalitchi lomwe ena miyendo ndi yofooka: Zomba, ndi galimoto yokwera m'mwamba, ena azikayenda ena azikadikira pa damu.

Ndi koyamba kugona m'phiri, muli ndi masiku awiri komanso anzanu atatu ogawana nawo mtengo: Mulanje, njira ya Skyline, usiku umodzi ku Chambe. Sapitwa musungireni ulendo wachiwiri, mutadziwa mmene mawondo anu amachitira potsika, ndipo mudzaike tsiku limodzi lapadera lodikira nyengo pa Chisepo.

Mukufuna nyama ndi bata, galimoto yamphamvu muli nayo, sabata yathunthu ilipo: Nyika, ndipo ngati thupi likulola, tsikirani ku Livingstonia wapansi wina akakuchingamireni ndi galimotoyo. Mulibe galimoto koma kumpoto kukukuitanani: basi ya ku Karonga, Chitimba, Gorodi.

Tchuthi chanu chagwera mu Sepitembala kapena Okutobala ndipo simungachisunthe: iwalani zoona kutali. Sankhani malo omwe chokoma chili pafupi ndi maso, monga Manchewe, Dziwe la Nkhalamba, thanthwe la Chambe kapena mbidzi za ku Chelinda. Emperor's View idikire Meyi, monga anandiuzira mnyamata wa miyala uja.